Anandifunsa ngati ndimapuma

Wayatsa? Ikumva? Chabwino. Ine ndine Felesiya, amake Esinati, amene ku esiteti ankanditchula kuti Makina. Kusukulu sindinapondeko, kusaina kwanga ndi chala chachikulu ichi, ndiye ndikuyankhula mu foni ya mwana wanga, iye adzalemba kuti inu ana ndi adzukulu mudzawerenge. Esinati, ulembe mmene ndikuneneramu, Chichewa chako cha m'kalasi usiye kusukulu komweko. Akuti ndifulumire, ali ndi makope a ana oti achonge, kenako akathamangire belo la kaunjika ku Luchenza. Khala pansi iwe. Mphika uli pamotowo usaukhudze, nkhani yake ikubwera. Zaka za manambala musandifunse, ine zaka ndimawerenga ndi ana amene anali kumsana.

Chaka chimene Esinati anali kumsana

Ndinachoka kwathu kwa Changata kutsatira bambo anu, amene anali atalembedwa kale ku fakitale, ntchito yoponya nkhuni pa ng'anjo youmitsira tiyi. Mvula yoyamba itagwa anthu otchola anaperewera, ndiye ndinakaima pamzere ndi mwana kumsana, nkulembedwa. Kapitawo wanga woyamba anali a Nakoma, munthu wamfupi, mawu ngati a mbuzi yamphongo. Anandipatsa dengu lalikulu ndi ndodo yayitali. Ine ndimvekere, ndodoyi ndi ya njoka? Gulu lonse linaseka. Ndodo ija umaigoneka pamwamba pa mitengo ya tiyi, nkumatchola zokhazo zatumphuka pamwamba pake, kuti munda ukhale wosalala ngati tebulo. A Nakoma anatenga nsonga imodzi nkuiika pamphuno panga penipeni: “Masamba awiri ndi kamphukira. Osati atatu, osati nthambi, sitikumanga nyumba kuno.” Kenako anandionetsa ina yopanda kamphukira, yongokhala ngati yatsinzina. Ati imeneyi ndi banji, nsonga yotopa imene yasiya kukula, ukaipeza uichotse. Liwu limeneli mulisunge, lidzabweranso.

Tsiku loyamba kalaliki wa pa sikelo anapisa dzanja m'dengu langa, nkutulutsa masamba okhwima okhaokha. Anandiuza kuti ndikhale pambali ndisankhe, anzanga akupita. Ndinasankha ndikulira, Esinati naye akulira kumsana, mvula ikutikhuthukira tonse awiri. Ndinalumbira tsiku limenelo kuti palibe munthu adzandikhazikenso pambali. Sizoni isanathe manja anga anali ataphunzira. Onse awiri nthawi imodzi, tcho tcho tcho, kuponya kumbuyo osacheuka. Anthu akamapita kukamwa tiyi wa m'mawa ine ndinkamwa chiimire. Akamakhala pansi pa mtengo masana kudya mgaiwa ndi nandolo wa kampani, ine ndinkameza ngati nkhuku nkubwerera m'mzere. Makilo opitirira ndime ankalipira padera, ndiye fotinaiti ikakwana dzina langa linkamveka. Ndi a Nakoma amene anandipatsa dzina lija. Ati uyu si munthu, ndi makina, angofuna mafuta. Ine ndinasangalala, osadziwa kuti makina akafa amangowakankhira kuseri kwa wekishopu, udzu nkumera pamwamba.

Zaka za ku divishoni ya kumtunda

Jemusi atabadwa anatisamutsira ku divishoni ya kufupi ndi phiri, pamodzi ndi a Nakoma omwe. Kumeneko ndiye kuzizira. Chiperoni chikabwera sunkaona munthu wa mzere woyandikana nawe, unkangomva chifuwa chake. Nyumba ya pa kampaundi inali ya chipinda chimodzi, madzi kumunsi kuchigwa. Panali chaka china maepuloni a pulasitiki sanabwere, ati sitima yachedwa, ndiye tinkamanga m'chiuno masaka a feteleza kuti mitengo ya tiyi isatinyowetse ndi kutikanda. Kamanejala kena kachinyamata kankabwera pa njinga yamoto, kuyankhula Chichewa cha m'mphuno, nkumalonjeza kuti sabata yamawa. Sabata yamawa imeneyo inafika Jemusi akuyenda.

Kumeneko ndinapeza Elube, mkazi wamtali wa ku Nsabwe, mnzanga ndiponso mdani wanga pa sikelo. Tinkatchola moyandikana, kutukwanana kuyambira m'mawa, theka Chilomwe theka Chinyanja, madzulo nkubwerekana mchere. Iye akandiposa tsiku limodzi ankavina tchopa pamaso pa kalaliki. Ine usiku umenewo tulo osabwera.

Tsopano mumve za masabata awiri a m'nyumba mwathu. Bambo anu anali a Sabata, anakulira ku Makwasa. Loweruka sankagwira ntchito, anagwirizana ndi mnzawo kuti iwo azilowa Lamulungu. Ine ndinali wa Lamulungu. Ndiye Loweruka iwo ali kutchalitchi, ine ndili mu tiyi. Lamulungu iwo ali ku fakitale, ine ndikangomva ulaliki theka, ndatuluka chakumbuyo, khasu linali kale m'tchire, ulendo wa kumunda kwathu kwa Changata. Kumunda kuja chimanga, nandolo, chinangwa, kenako kubwerera ndi mtolo wa nkhuni pamutu. M'nyumba imodzi munali masiku awiri opumulira, koma palibe ngakhale limodzi limene linandipeza ine. Onjezani apo: maliro akachitika pa kampaundi, woyang'anira zophika ndine. Ukwati, ndine. Mkazi akayamba matenda usiku, ankagogoda kwa Makina. Ndipo ndinkazikonda, musaganize kuti ankandikakamiza. Munthu akanena kuti popanda amake Esinati pano palibe chimene chiyende, ine ndinkakhuta osadya.

Bambo anu anali munthu wosayankhula. Chinthu chimodzi chokha ankapempha, kalongonda. Inu ana a m'tauni simumudziwa: ndi nyemba zazikulu za kwathu kuno, zouma mutu. Umaziphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kusenda makoko, kuphikanso, ndipo munthu sachoka pamoto. Ukachita changu, wadyetsa anthu zoledzeretsa, ena mpaka kuchipatala. Iwo akati amake Esinati, kalongonda uja ndamulakalaka, ine ndinkayankha kuti chimenecho ndi chakudya cha anthu opanda ntchito, akagule wophikaphika kumsika. Ankangoti chabwino.

Dzinja limene Esinati anasankhidwa kupita ku sekondale

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, tiyi ankakula ukumuyang'ana. Munda umene watchola lero, ukadutsa mkucha wabiriwira kale. Ine ndinati apa ndiye pa fizi ya mwana. Mutu unali utayamba kale kundipweteka kuno kunkhongo, ngati wina wandimanga chingwe. Ndinkagula mapiritsi pa okala nkumeza ndi tiyi. Dzanja lamanzereli linkachita dzanzi, ndinkangolikutumula chonchi, nkupitiriza. Sindinauze munthu. Ukauza Elube ndiye wauza divishoni yonse.

Tsiku lake dzuwa linali litatuluka pambuyo pa mvula, nthunzi ikukwera m'munda. Ndikukumbuka ndinaona masamba akusanduka akuda. Basi. Mitengo ya tiyi ndi yolimba, sinandilole kugwa pansi, ndinangogona chafufumimba pa tebulo lija dengu lili kumsana. Elube anandiuza pambuyo pake kuti anayamba wanditukwana kaye, ankaganiza kuti ndawerama kuba nsonga za mu mzere wake. Ataona kuti sindikubweza, ndi pamene anakuwa. Ati Makina kusabweza chitukwano, ndiye kuti wafa. Anandikweza pa thirakitala pamwamba pa matumba a masamba. Ndine munthu ndekha amene ndinakwera ngolo imeneyo osadutsa pa sikelo.

Ku kiliniki ya pa esiteti kunali nesi wina wachitsikana, wochepa thupi, woyankhula pang'onopang'ono. Nditatsitsimuka anandimanga chilamba pamkono nkupopa, anayang'ana, anapopanso. Kenako anaika kachitsulo kozizira pachifuwa panga.

“Amayi, pumani.”

Ine fuu.

“Pumaninso.”

Ine fuu, mwamphamvu, aone kuti ndili bwino, andimasule ndikapeze sikelo ya masana. Anachotsa zomvera zija m'makutu, nkundiyang'ana.

“Amayi, kodi mumapuma?”

“Mwana wanga, mwamva nokha. Ndikanapanda kupuma bwenzi mukuyankhula ndi mtembo.”

“Ayi, ndikuti mumapuma liti?”

“Usana ndi usiku. Ngakhale panopa ndikupuma.”

Mtsikana uja anaseka mpaka kugwira tebulo. Ine ndinakwiya, ndimvekere anthu ophunzirawa amafunsa zopanda mutu. Kenako anasiya kuseka, anakoka mpando nkukhala pafupi. Anandifunsa za sabata yanga tsiku ndi tsiku, kuyambira Lolemba. Ndinamuuza monyada, mmene ndakuuzirani inu. Atafika pa Lamulungu, anati tsiku limene ndinakhala pansi dzuwa lili pamwamba, manja ali pamiyendo, ndi liti. Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndinapeza kuti ndi pamene ndinali m'chikuta ndi Jemusi. Jemusi nthawi imeneyo anali akusewera mpira wa mapepala ndi anyamata akuluakulu. Nesi uja anati magazi anga akuthamanga kwambiri, biipii, ndipo kugwa kumeneku ndi kugogoda chabe. Ati kukabweranso kudzatenga mbali yonse, mkono, mwendo ndi pakamwa pomwe, kapena kudzanditenga ndense. Za mkono ndi mwendo ndinazimva. Koma atati pakamwa, ndinachita mantha enieni. Ine osayankhula? Anandipatsa mankhwala a tsiku lililonse, anati mchere ndichepetse, ndipo ayankhula ndi akuluakulu kuti andichotse kotchola andipititse ku nazale.

Sabata ya chitenje

Ku nazale ndi kumene amafesa tiyi wamng'ono m'machubu, pansi pa mthunzi wa udzu. Kunkapita azimayi oyembekezera ndi agogo amene msana watha. Kulibe sikelo, kulibe makilo owonjezera, malipiro ake ndi a tsiku basi. Ife otchola tinkakutchula kuti kodikirira. Musandifunse kuti kodikirira chiyani. Ndiye taganizani, mwana wasankhidwa ku sekondale, malata a nyumba ya kumudzi ndinali nditayamba kugula limodzilimodzi, ndipo tiyi ali pachimake. A Nakoma anabwera kudzandizonda, atavula chipewa, anati zili kwa ine, iwo sandithamangitsa, koma gulu lawo popanda ine latsika. Elube naye anabwera ndi nthochi. Anakhala pakhomo nkundiyang'ana, ati, “Ndamva akukutumiza kodikirira. Makina wasanduka banji.” Ankaseka, koma liwu lija linandilowa ngati minga. Banji, chinthu chotopa chochotsa nkutaya.

Sabata isanathe ndinabwerera m'munda. Ndinauza a Nakoma kuti nesi wandilola. Dzanja lamanja linkagwira bwino, koma lamanzere likafika pa nsonga zala zinkakana kutsekeka. Ndinkalibisa pansi pa masamba, kumatchola ndi limodzi, pakamwa pokha ndiye pakuthamanga kuti Elube asaone. Anaona. Tsiku limenelo sanavine tchopa ngakhale anandiposa kutali.

M'mawa mwake ndinadzuka kuti ndipitenso. Ndinatenga chitenje kuti ndimange m'chiuno, chinagwa. Ndinatola, chinagwanso. Zala zakana mfundo. Bambo anu anali atakhala pamphasa akuvala nsapato za ku fakitale. Anaimirira, anatola chitenje chija, anandizunguliza, nkumanga mfundo yachimuna, yonga yomangira mbuzi. Atamaliza sanachotse manja.

“Amake Esinati, chitenje ndizikumangani tsiku lililonse ngati mukufuna. Koma nsalu inayo, yoyera ya maliro ija, musandichititse kuigula.”

Anatenga chipewa nkutuluka. Munthu amene mawu ake pa sabata ungawawerenge ndi zala. Ine ndinatsala chiimire pakati pa nyumba, huta ya fakitale ikulira. Dengu linali pakhomo. Ndinaliyang'ana, kenako ndinalinyamula pamanja, osati kumsana, nkukalipereka kwa a Nakoma. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati musandifunse kawiri, ndingasinthe. Ndinatsika njira ya ku nazale ndi mfundo ya mbuzi ija m'chiuno, anthu onse m'munda atasiya kutchola akundiyang'ana.

Zaka za ku nazale

Musaganize kuti ndinafika nkusangalala. Anandipatsa kampando ndi mulu wa dothi losefa, ati dzazani machubu. Ndinadzaza ngati ndikuthawa moto. Agogo ena amene ankayang'anira kumeneko anabwera nkukhuthula onse, ati ndapanikiza dothi, mizu sidutsa. Ati kuno changu chimapha mbewu. Ndinkati ndikamva thirakitala ikupita ku sikelo, miyendo inkadzuka yokha. Zinanditengera sizoni yathunthu kuti matako anga agwirizane ndi mpando.

Zina ndinazisintha pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Munda wa kwa Changata ndinaugawa, theka ndinapatsa mlamu wanga kuti azilima tizigawana zokolola. Khasu lobisa m'tchire lija ndinalisiya, ndinayamba kumva ulaliki mpaka ameni, ndipo ndinadabwa kupeza kuti kumapeto kumakhala nyimbo yabwino. Maliro oyamba atachitika anabwera kudzanditenga kuti ndikayang'anire miphika. Ndinati ndibwera kudzalira, kuphika aphike ena. Anandinena, eee, anandinena. Ati Makina wayamba matama. Ndinapita, ndinakhala pamphasa ndi azimayi anzanga, ndikuyembekeza kuti chakudya chipserera. Sichinapserere. Anthu anadya, anakhuta, maliro anaikidwa. Zinandipweteka pang'ono, kunena zoona, kuti dziko likuyenda popanda ine. Mchere ndiye unandivuta kuposa zonse. Mpaka lero ndiwo zanga ndimadya ndikudandaula.

Mtengo wake unalipo, sindikubisirani. Esinati sanapite kogonera konko monga ndinkafunira, ankayenda wapansi kupita ku sekondale yoyendera, nsapato imodzimodzi mpaka inatseguka kukamwa. Tinkagulitsa mapeyala ndi nthochi za kuseri kwa nyumba kuti fizi ikwane. Malata aja ena tinagulitsa, nyumba ya kumudzi inakhala ya udzu mpaka Esinati yemweyu atayamba ntchito. Masiku ena ndinkamuona akubwera atanyowa, ndinkati mwina ndinalakwa. Koma ankapeza mayi pakhomo woti amukalipire chifukwa chosatenga pepala lofunda.

Ku nazale Loweruka tinkaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Loweruka lina ndikubwerera ndinaona mayi akugulitsa kalongonda wouma, ndinagula. Ndinasonkha moto kuseri kwa nyumba, ndinatereka mphika, ndinakhala. Bambo anu pobwera kutchalitchi ananunkhiza ali kunjira. Anangotenga mpando nkukhala mbali inayo ya moto. Kusonkhezera nkhuni ankakana, ati ndi Sabata. Kudya kokha ndiye Sabata silinawaletse. Tinakhala pamenepo, madzi kutaya, ena kuthira, makoko kusenda. Poti mphika suchoka ndipo iwe sungachoke, munthu uja anayamba kuyankhula. Ana inu, bambo anu anali ndi nthabwala. Ankatha kuyerekeza mawu a kamanejala ka m'mphuno kaja kuposa ine. Anandiuza za agogo awo mmene anawolokera kuchokera ku Mozambiki ndi mphika umodzi pamutu, nkhani imene sindinaimvepo. Ndinabereka naye ana, koma munthuyo ndinamudziwa pa mphika wa kalongonda. Kuyambira pamenepo Loweruka masana linali lathu. Wina akabwera kudzandiitana, bambo anu ankayankha okha ali pampando kuti amake Esinati ali pa ntchito yaikulu, akudikira nyemba.

Dzanja lija linabwerera, osati lonse, koma mfundo ndimamanga ndekha. Sindinagwenso. Patapita zaka kunabwera masizala otcholera tiyi, ntchito ya manja inayamba kuchepa ulemu, ndipo tsiku lina ndikudzaza machubu ndinaona munthu wamtali akutsika njira ya ku nazale atagwira msana. Elube. Anaima patsogolo panga osadziwa poyang'ana. Ndinamukokera kampando nkumupatsa moni wa Chilomwe, ndimvekere, “Moseliwa, banji mnzanga. Khala apa, usapanikize dothi.” Anatukwana, ndinabweza, tinayambiranso pamene tinasiyira. Ndipo pokhala ku nazale ndinaona chinthu chimene m'munda sitinkachipatsa mpata: nsonga ya banji ukaisiya osaichotsa, imakhala chitsinzinire nthawi yake, kenako imatulutsa kamphukira katsopano. Ndinamuonetsa Elube. Ati ndiye bwanji sunandiuze kale. Ngati iye akanamva.

Chaka chimene ndinatsanzika, ndi lero

Bambo anu anatisiya Jemusi atangokwatira, chifuwa cha utsi wa ng'anjo ija. Nsalu yoyera ndinagula ndine. Ndikamawakumbuka sindiona fakitale kapena kampaundi, ndimaona munthu ali mbali inayo ya moto akukana kusonkhezera nkhuni. Ndikanakhala mu tiyi, ngakhale ndikanapanda kufa, Maloweruka amenewo sindikanakhala nawo.

Tsiku londitsanzika anatisonkhanitsa pa ofesi ya divishoni, ife okalamba angapo. Bwana wina anaimirira nkunena kuti amayi Felesiya agwira ntchito mokhulupirika, lero akukapuma. Ine ndinakweza dzanja, lamanzere lomweli, ndimvekere, bwana, kupuma kumeneko ndi kwachitatu. Koyamba ndinayamba tsiku lobadwa, kwachiwiri anandiphunzitsa nesi, inu mwachedwa. Sanamve, anangoseka poti ena akuseka. Elube yekha ndiye anamva.

Tsopano Esinati, foniyo uyang'anitse kuno, koma mawuwa ndi ako. Usalembe mokonza. Iwe ndi mphunzitsi Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka uli pa kaunjika, Lamulungu ndiwe mlembi wa amayi kutchalitchi, madzulo ana a anthu akudzaza pakhonde pako kuti uwaphunzitse padera. Anthu akuti popanda amadamu palibe chimene chiyende, ndipo iwe ukukhuta osadya, ndikudziwa kukoma kwake. Dzulo pamene unkachonga makope apo ndinakuona. Unasiya cholembera, unagwira kunkhongo, kenako unakutumula dzanja chonchi. Unkaganiza kuti ndikuwodzera. Ndakufunsa m'mawa uno kuti mwana wanga, umapuma? Wayankha chiyani? Nena, ilowe mu foni. Wati, “Amayi, ndikanapanda kupuma bwenzi ndili pano?” Unkaseka. Sunadziwe kuti yankho limenelo lili ndi mwini wake.

Lolemba tikupita limodzi ukamangidwe chilamba chija pamkono, ndikakhala pakhomo mpaka utuluke. Belo la ku Luchenza ligule wina lero. Mphika uwo ndi kalongonda, ndatereka mamawa, madzi ndataya kamodzi kokha, ndiye kuti tili pano mpaka dzuwa lipendeke. Ine dzanja ili silisenda bwino makoko. Zimitsa foniyo, kokera mpando mbali inayo ya moto. Pamenepo, pomwe ankakhala bambo ako.